Lipoti la vuto: kernel yogwa pa adilesi 0x18 pomaliza mayeso a driver ya mabatire

Ntchito yathu ndi yopanga timabokosi toyang'anira mabatire ndi mapampu a madzi oyendera dzuwa. Ofesi ndi chipinda chimodzi ku Luwinga, tilimo anthu anayi, ndipo mabokosi athu ali m'midzi ya ku Mzimba ndi Rumphi, ena cha kumsewu wa ku Nkhata Bay. M'bokosi lililonse muli bolodi ya ARM yoyendetsa Linux 6.6, komanso driver yathu, code ya mkati mwa kernel (mtima wa Linux) yomwe imawerenga mphamvu ya batire kudzera pa mawaya a I2C. Driver imeneyi ndi mayeso ake ndimasamala ndine. Vuto lomwe ndikufotokoza pano linatidyera masiku atatu m'mwezi wa Juni 2024, chonsecho yankho lake linali litalembedwa kale mu log kuyambira usiku woyamba.

Zomwe zinaoneka

Mayeso athu ndi a KUnit, njira yoyesera code ya mkati mwa kernel yomwe inalowa mu Linux 5.5 kumayambiriro kwa 2020. Usiku uliwonse kompyuta yakale yomwe ili pakona imatenga code ya tsikulo, kumanga kernel, n'kuiyendetsa mu QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta, ndi `kunit.py run --arch=x86_64`. Ikamaliza imatitumizira mizere 40 yomaliza ya log. Nambala ya 40 ndinasankha ndine, pofuna kuti uthenga uziwerengeka bwino pa foni.

Lachiwiri m'mawa mizere yofunika mu uthengawo inali iyi:

```
BUG: kernel NULL pointer dereference, address: 0000000000000018
#PF: supervisor read access in kernel mode
#PF: error_code(0x0000) - not-present page
RIP: 0010:chaja_volt_exit+0x9/0x40
```

Pansi pake panali maregista, call trace, kenako panic, kuima kwa kernel yonse. Mabokosi athu timawamanga ndi `CONFIG_PANIC_ON_OOPS` kuti kernel ikavulala bokosi lizizima n'kudzukanso lokha, lisamapitirize lili lopunduka kutali komwe kulibe woliona. Zomwezo tinaziika mu `.kunitconfig`. Motero kugwa kumodzi kunapita ndi zonse. Pa mayeso 23, asanu a gulu la `chaja_alamu` anadutsa, pomwe 18 a gulu la `chaja_volt` sanapereke yankho lililonse. Awa 18 ndi omwe amayesa kawerengedwe ka mphamvu ya batire, ntchito yeniyeni ya bokosi.

Ndinayendetsa mayesowo pa laputopu yanga, onse anadutsa. Ndinabwereza kasanu, chimodzimodzi. Pamenepo ndinakayikira RAM ya kompyuta yapakonayo, poti ndi yakale ndipo yazimidwa mwadzidzidzi kambirimbiri magetsi akathima. Ndinaisiya ikuyendetsa Memtest86+ usiku wonse. Siinapeze kanthu, ndipo tsiku loyamba linathera pomwepo.

Code yomwe inagwa

Lachitatu ndinasiya kuganiza za makina n'kuyamba kuwerenga adilesi. `scripts/faddr2line` inandilozera mzere woyamba wa function ya exit, yomwe imabweza zomwe init inatenga mayeso asanayambe, ndipo `pahole` inaonetsa kuti mu struct yathu `dev` ali pa 0, `buf` pa 0x8, `count` pa 0x10, `wq` pa 0x18. Adilesi 0x18 ndi ziro kuphatikiza malo a `wq`. Tanthauzo lake n'lakuti pointer (adilesi ya mu memory) ya struct yonse ndi yomwe inali NULL, ndiko kuti ziro.

```c
static int chaja_volt_init(struct kunit *test)
{
	struct chaja_ctx *ctx = kzalloc(sizeof(*ctx), GFP_KERNEL);

	if (!ctx)
		return -ENOMEM;
	ctx->dev = root_device_register("chaja-test");
	KUNIT_ASSERT_NOT_ERR_OR_NULL(test, ctx->dev);
	ctx->buf = kcalloc(64, sizeof(u16), GFP_KERNEL);
	KUNIT_ASSERT_NOT_NULL(test, ctx->buf);
	ctx->wq = alloc_ordered_workqueue("chaja-test", 0);
	KUNIT_ASSERT_NOT_NULL(test, ctx->wq);
	test->priv = ctx;
	return 0;
}

static void chaja_volt_exit(struct kunit *test)
{
	struct chaja_ctx *ctx = test->priv;

	destroy_workqueue(ctx->wq);
	kfree(ctx->buf);
	root_device_unregister(ctx->dev);
	kfree(ctx);
}
```

Munthu akawerenga init payokha saona cholakwa: chilichonse chotengedwa chikufufuzidwa. Akawerenga exit payokha saonanso cholakwa: zinthu zikubwezedwa kuyambira chomaliza mpaka choyamba. Cholakwa chili pakati pa ziwirizi. `KUNIT_ASSERT` ikalephera imaimitsa mayeso pomwepo, mizere yotsatira siyenda, koma KUnit imaitanabe exit. Zolemba za KUnit zomwe zili mu kernel momwemo zimachenjeza poyera kuti exit imayenda ngakhale init italephera, ndipo iyenera kukonzekera kupeza zinthu zili theka. Ine polemba ndinkaganiza ngati mmene driver imayendera, pomwe probe (yoyambitsa chipangizo) ikalephera remove (yochichotsa) siitanidwa. KUnit siyendera lamulo limenelo.

Pa chinkhoswe timabwereka mapoto kwa oyandikana nawo, mabenchi kutchalitchi, lona kwa wina. Mwambo ukatha, wobweza amayenda ndi mndandanda wa zomwe zinabweradi. Exit yathu inanyamula mndandanda wa zomwe tinkafuna kubwereka, ndipo inakagogoda pakhomo lomwe silinatipatse kanthu.

Apa ndinayenera kufunsa funso limodzi: init yalephera chifukwa chiyani? Sindinalifunse. Maso anga anali pa mawu oti BUG.

Zigamba zitatu

Poti pa laputopu vuto silinkaoneka, patch (chigamba cha code) iliyonse tinkaiyesa pa kompyuta yapakona pogwiritsa ntchito script yomweyo ya usiku, yotionetsa mizere 40 yokha.

Patch yoyamba inalembedwa ndi mtsikana yemwe akuphunzira ntchito pano. Inali yotere:

```c
struct chaja_ctx *ctx = test->priv;
struct workqueue_struct *wq = ctx->wq;

if (!ctx)
	return;
```

Iyi sitinaiyendetse n'komwe. Funso loti `ctx` ndi NULL likubwera pointer itagwiritsidwa kale ntchito pa mzere wapamwamba. Ndinakhala naye pansi pa zimenezi kwa kanthawi, chifukwa si cholakwa cha ophunzira okha. Mu 2009, mu Linux 2.6.30, function ya `tun_chr_poll` inali ndi kalembedwe komweka: kuwerenga `tun->sk` kenako n'kufunsa ngati `tun` ndi NULL. GCC, pulogalamu yomanga code, inaona kuti pointer yagwiritsidwa kale, n'kuchotsa funsolo ngati losafunika, ndipo Brad Spengler anaonetsa kuti munthu wamba pa kompyuta angadutsire pamenepo n'kulanda ulamuliro wa root. Kuyambira nthawi imeneyo kernel imamangidwa ndi `-fno-delete-null-pointer-checks`. Koma zimenezo zimangoteteza funso kuti lisachotsedwe, siziletsa kuwerenga komwe kwachitika funso lisanafike. Smatch, chida cha Dan Carpenter, imagwira kalembedwe kotere, ndipo tinaiika pa laputopu yake tsiku lomwelo.

Panalinso vuto lina. Ngakhale funsolo likanakhala pamalo oyenera, `test->priv` inkapatsidwa `ctx` kumapeto kwa init. Exit ikanabwerera mwakachetechete, memory ya `ctx` ndi chilichonse chotengedwa init isanalephere n'kutayika. Choncho m'patch yachiwiri tinakweza mzere wa `test->priv = ctx` kuti ubwere `kzalloc` ikangotha. Kernel inagwanso, ulendo uno mkati mwa `destroy_workqueue`, chifukwa `ctx->wq` inali ikadali ziro.

Pano pali msampha womwe ndikufuna aliyense wolemba code ya kernel audziwe. Tinazolowera kuti `kfree` imalandira NULL popanda vuto, ndipo n'zoona. `vfree`, `kmem_cache_destroy` ndi `put_device` nazonso zimalandira. Chizolowezicho chimatinyenga kuti function iliyonse yobweza ndi yofatsa chomwecho. `destroy_workqueue` siilandira NULL. `kthread_stop` siilandira. `root_device_unregister` siilandira. Palibe lamulo limodzi, ndipo dzina la function silikuuza. Njira ndi kutsegula code yake n'kuwerenga mizere yoyamba.

M'patch yachitatu tinaika `if` patsogolo pa chilichonse: `if (ctx->wq)`, `if (ctx->dev)`. Ndinali wotsimikiza kuti nkhani yatha. Uthenga unabwera wotere:

```
BUG: kernel NULL pointer dereference, address: 00000000000002df
RIP: 0010:root_device_unregister
```

Kernel ikunena kuti NULL, chonsecho mzere wapamwamba wangotsimikiza kuti `ctx->dev` si NULL. Inali nthawi yoweruka, kunja chifunga chatsika kale ndipo m'chipinda mukuzizira. Ndinkafuna kuzisiya mpaka mawa. Mtsikana uja anali akuyang'anabe pa sikirini.

"Akulu, pointer mu struct zimakhala pa manambala ogawika ndi 8. Nanga iyi yothera ndi f yachokera kuti?"

"Achemwali, tabwerezani zimenezo."

Anabwereza, ndipo ndinatenga `pahole`. Function ya `root_device_unregister` imayamba ndi kuwerenga `owner`, yemwe mu `struct root_device` amabwera `struct device` ikatha. Pa config yathu malo ake anali 0x2f0. Kuchotsa 0x2df pa 0x2f0 kumatsala 0x11, yomwe ndi 17. Pointer sinali ziro, inali -17.

Mu kernel muli njira ziwiri zonenera kuti function yobweza pointer yalephera. `kzalloc` ndi `alloc_ordered_workqueue` zimabweza NULL. `root_device_register` ndi `kthread_run` zimabweza nambala ya cholakwa yobisidwa mu pointer kudzera pa `ERR_PTR`. Maadilesi 4095 a pamwamba penipeni anasungidwira ntchito imeneyi, ndipo `IS_ERR` ndi yomwe imawazindikira. Pa makina a 64-bit, -17 ndi 0xffffffffffffffef. Nambala imeneyi si ziro, n'chifukwa chake `if (ctx->dev)` inaitsegulira njira. Ukaphatikiza 0x2f0 pamenepo nambala imasefukira n'kuzungulira kubwerera pansi, pa 0x2df. Pa x86 kernel imatchula kuti NULL adilesi iliyonse yochepera tsamba limodzi la memory, la mabayiti 4096, choncho uthengawo unatisocheretsa. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona adilesi yaing'ono yosagawika ndi 8 pamalo pomwe payenera kukhala pointer, ndimayamba ndayesa kuphatikiza 12, 17, 19 kapena 22, manambala a ENOMEM, EEXIST, ENODEV ndi EINVAL.

17 ndi EEXIST: chinthu cha dzina limenelo chilipo kale.

Gwero lenileni

Pamenepo mpomwe ndinatsegula `.kunit/test.log` yonse pa kompyuta yapakona. Pamwamba pa oops, uthenga wa kugwa uja, kunja kwa mizere 40 ija, panali sysfs, momwe kernel imalembetsa ma device, ikudandaula kuti singapange `/devices/chaja-test` kachiwiri. Pansi pake KUnit inali italemba kuti assertion yalephera, inayembekezera kuti `ctx->dev` isakhale cholakwa koma inapeza -17, ndipo inatchula fayilo ndi nambala ya mzere. Mayeso anagwira ntchito yawo bwinobwino. Ananena cholakwa, malo ake ndi chifukwa chake. Kenako exit inagwa n'kutaya mizere yambirimbiri ya maregista pamwamba pa uthengawo, script yanga n'kudula chotsalacho.

Gulu la `chaja_alamu` linali latsopano, linalowa Lolemba. Wolemba anakopera fayilo yanga ya `chaja_volt`, dzina la "chaja-test" n'kutsala momwemo. Iye analembetsa device mu `suite_init`, kamodzi pa gulu lonse, koma `suite_exit` panalibe, choncho device inatsala mu sysfs gulu lake litamaliza. Patch imeneyo ndinaiwerenga n'kuivomereza ndine. Magulu a mayeso omangidwa mkati mwa kernel amayenda motsata mmene mafayilo alumikizidwira, ndipo Makefile yathu imatsata afabeti, ndiye alamu inkayenda volt isanayambe. Pa laputopu yanga ndinkalemba `kunit.py run chaja_volt` mwachizolowezi, pofuna kusunga nthawi, ndipo gulu la alamu silinkayenda n'komwe. Nditachotsa dzinalo pa lamulo, laputopu inagwa nthawi yoyamba yomweyo.

Kukonza

Kusintha dzina kukanathetsa kugwako m'mphindi imodzi. Ndinakana kuyambira pamenepo. Kulephera kwenikweni kwa init n'chinthu chosowa, ndipo tinali nako m'manja, kobwerezeka nthawi iliyonse. Tikanakuchotsa poyamba, exit yowonongekayo ikanabisalanso mpaka tsiku lina. Choncho tinasiya kuwombana kwa mayina kuli pomwepo n'kuyamba ndi gawo lobweza.

Zinali zotheka kungosintha `if (ctx->dev)` kukhala `IS_ERR_OR_NULL` n'kupitiriza. Ndinaona kuti njira imeneyo ikusiya katundu pa wolemba wotsatira: aliyense wowonjezera chinthu mu init ayenera kukumbukira kupita ku exit, kudziwa ngati function yake imalephera ndi NULL kapena ndi `ERR_PTR`, n'kuika mzere wake pamalo oyenera. Ife tomwe tinali titalephera katatu pa tsiku limodzi. Kuyambira Linux 6.5 KUnit ili ndi `kunit_add_action_or_reset`, yomwe imalola kulembetsa kabwezedwe ka chinthu nthawi yomwe wachitenga. Tinachotseratu exit.

```c
static void chaja_chotsa_dev(void *dev)
{
	root_device_unregister(dev);
}

static void chaja_chotsa_wq(void *wq)
{
	destroy_workqueue(wq);
}

static int chaja_volt_init(struct kunit *test)
{
	struct chaja_ctx *ctx;

	ctx = kunit_kzalloc(test, sizeof(*ctx), GFP_KERNEL);
	KUNIT_ASSERT_NOT_NULL(test, ctx);

	ctx->dev = root_device_register("chaja-test");
	KUNIT_ASSERT_NOT_ERR_OR_NULL(test, ctx->dev);
	KUNIT_ASSERT_EQ(test, 0,
		kunit_add_action_or_reset(test, chaja_chotsa_dev, ctx->dev));

	ctx->buf = kunit_kcalloc(test, 64, sizeof(u16), GFP_KERNEL);
	KUNIT_ASSERT_NOT_NULL(test, ctx->buf);

	ctx->wq = alloc_ordered_workqueue("chaja-test", 0);
	KUNIT_ASSERT_NOT_NULL(test, ctx->wq);
	KUNIT_ASSERT_EQ(test, 0,
		kunit_add_action_or_reset(test, chaja_chotsa_wq, ctx->wq));

	test->priv = ctx;
	return 0;
}
```

Tsopano chinthu chimalowa pa mndandanda wobweza pokhapokha chitatengedwadi, ndiye functions ziwiri zazing'onozo sizifunika `if` aliyense. Kulembetsako nakonso kumafuna memory pang'ono ndipo kungalephere. Zikatero function ya `_or_reset` imabweza chinthucho nthawi yomweyo n'kupereka nambala ya cholakwa, n'chifukwa chake yankho lake tikulifufuza.

KUnit imabweza kuyambira chomaliza kulembetsedwa. Kwa ife izi n'zofunika kwambiri, chifukwa ntchito ya mu workqueue (`wq`, mzere wa ntchito zodikira) imalemba mu `buf`. `destroy_workqueue` imadikira ntchito zotsala kuti zithe, ndipo `buf` iyenera kukhalapobe nthawi imeneyo. Poti `buf` imatengedwa `wq` isanapangidwe, imabwezedwa `wq` itachoka kale. Ndinaika ndemanga mu code yochenjeza kuti mizere iwiriyi isasinthanitsidwe. Wofuna kusakaniza njira ziwirizi adziwenso kuti exit imayenda poyamba, zolembetsedwazo n'kutsatira.

Wina angafunse chifukwa chomwe sitinapereke `destroy_workqueue` mwachindunji poisandutsa mtundu ndi cast. Kuitana function kudzera pa pointer ya mtundu wina kumagwetsa kernel yomangidwa ndi CFI ya Clang, chitetezo chofufuza mtundu wa function yoitanidwa. Linux 6.8 inabweretsa `KUNIT_DEFINE_ACTION_WRAPPER` yolemba tima function totere, komanso `kunit_device_register` yomwe imapanga device n'kuichotsa yokha mayeso akatha. Ife tili pa 6.6, ndiye tinalemba pamanja.

Titayendetsa mayina akuwombanabe, kernel siinagwe. Mayeso 18 onse analephera mwadongosolo, aliyense akunena -17 ndi mzere wake. Ndi zomwe tikanaona Lachiwiri m'mawa. Kenako mpomwe tinakonza gwero: gulu lililonse linapatsidwa dzina lakelake, ndipo gulu la alamu tinalisamutsira ku init ya mayeso aliwonse ndi kalembedwe komweka. Onse 23 anadutsa.

Kuyesa njira yolephera

Exit yakale inakhala miyezi isanu ndi iwiri ikuyenda usiku uliwonse, koma nthawi zonse init itapambana. Mbali yomwe inagwa inali isanayendepo ndi kamodzi komwe. Sindinafune kuti code yatsopano ikhalenso chomwecho.

Ndinayamba ndi failslab, njira ya kernel yolepheretsa dala kupempha memory. Imafuna kusamala: `ignore-gfp-wait` imayamba ili Y, ndipo ukaisiya choncho mapempho a `GFP_KERNEL` salephera, iwe n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Nditaisintha, inayamba kulepheretsanso mapempho a KUnit yeniyeniyo, zotsatira n'kumasiyana ulendo uliwonse. Pa ntchito yaing'ono ngati iyi ndinaona kuti phokoso lachuluka. M'malo mwake tinaika parameter ya `fail_step` mu fayilo ya mayeso, ndi assertion yolephera dala chinthu chilichonse chikangotengedwa. Timaipereka kudzera pa `--kernel_args`, kuyambira 1 mpaka 4, pa kernel yomangidwa ndi `CONFIG_KASAN`, chida chogwira code yogwiritsa ntchito memory molakwika.

Chomwe timayang'ana si kupambana, poti onse amalephera dala. Timaona ngati kernel yafika kumapeto, ngati KASAN yakhala chete, komanso ngati mayeso 18 onse alephera pa mzere umodzi womwewo. Chomalizachi n'chomwe chimatsimikiza kuti device ikuchotsedwadi: ikanatsala, mayeso achiwiri akanalephera msanga ndi -17. Tinabwereza zonse ndi `--arch=arm64`, zotsatira n'kufanana.

Lachisanu ndinatsegula probe ya driver yeniyeni ndi funso lomwe lija, loti mzere uwu ukalephera chimayenda n'chiyani. Probe imagwiritsa ntchito `goto` pobwerera m'mbuyo, monga mwa mwambo wa kernel. Pa malo amodzi, `alloc_ordered_workqueue` ikabweza NULL, `goto` inkalumphira pa label yoitana `destroy_workqueue` m'malo mwa label yotsatira. Ndi kugwa komwe kuja, koma m'bokosi lomwe lili pa pampu ya mudzi, lomwe lingazime n'kudzuka n'kukumananso ndi mzere womwewo. Mu ma log omwe mabokosi amatumiza sitinapeze kuti zinachitikapo. Tinachotsa ma label awiri n'kuika `devm_add_action_or_reset`, yomwe imagwira ntchito mofanana ndi ya KUnit ija.

Script ya usiku tsopano imasunga log yonse, ndipo uthenga wa pa foni umayamba ndi mzere woyamba wokhala ndi ASSERTION FAILED, EXPECTATION FAILED, `sysfs:` kapena BUG, mizere yomaliza n'kubwera pambuyo. Patch siilowa mayeso onse asanayende popanda kusankha gulu. Kukonza kwa probe kunapita m'mabokosi omwe ali ndi netiweki sabata yotsatira. Asanu ndi limodzi a kumapiri a Rumphi alibe netiweki yodalirika, ndipo tinakonza zoti mnzathu wa zamagetsi akawaikire ndi flash pa ulendo wake wokayeza mabatire mu Ogasiti 2024.